Kodi mphamvu ya petulo imathera kuti? Kukonzekeretsa njinga yamoto yakale ulendo wodutsa pa Nyika

Lita imodzi ya petulo imasunga mphamvu yokwana majoule pafupifupi 33,000,000. Pa mphamvu yonseyi, injini ya njinga yamoto imafikitsa kutayala gawo limodzi lokha mwa magawo anayi, nthawi zina osakwana n'komwe. Yotsalayo imatuluka ngati kutentha, ina kudzera mu utsi, ina kudzera m'chitsulo cha injini. Ngakhale gawo limene lafika kutayala lija nalonso pamapeto pake limasanduka kutentha: mu tcheni, m'matayala, m'mabuleki ndi mu mpweya umene njinga ikung'amba pothamanga. M'zaka za m'ma 1840, James Prescott Joule wa ku England anaonetsa poyesera kuti ntchito imasanduka kutentha pamlingo wosasintha, ndipo lamulo lake mumalidziwa kale: mphamvu silengedwa, siwonongedwa, imangosintha mtundu.

Ndiye kukonza njinga yakale kuti ipirire ulendo wautali ndi kufunsa funso limodzi pa chiwalo chilichonse: pano mphamvu ikutayika bwanji, ndipo kutenthako kuli ndi kothawira? Tisanapitirire, tigwirizane chinthu chimodzi. Pa Chichewa mawu akuti mphamvu amanyamula zinthu ziwiri zimene m'buku la Fizikisi n'zosiyana, energy ndi force. M'phunziro lino ndikati mphamvu ndikunena energy, yoyezedwa m'majoule. Ndikafuna kunena force ndizinena kuti force basi.

Njinga yake ndi ulendo wake

Mumazidziwa njinga zazitali miyendo zija zimene alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi alangizi a maphunziro akhala akuyendera m'midzi kwa zaka zambiri: Yamaha DT125, Yamaha AG100 ndi AG200, Honda XL125, Suzuki TF125. Zinapangidwa kuti zizitha kuyenda kunja kwa tala. Tayala lakutsogolo n'lalikulu, injini ili patali ndi pansi kuti isamagunde miyala, ndipo masipuling'i ake ndi aatali. Zambiri zikakalamba zimagulitsidwa kwa anthu wamba. Yanga ndi Honda XL125 yogula kwa munthu, ndipo patchuthi chikubwerachi ndikufuna kuzungulira nayo motere: kuchoka kuno ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, kupita ku Nthalire, kulowa m'paki ya Nyika pa geti ya Kaperekezi, kutulukira pa Thazima, kudutsa Bolero mpaka ku Rumphi, kenako kugwira M1, kutsetsereka pa Chiweta kufika kunyanja, ku Karonga, n'kukwera msewu wa tala wa makilomita pafupifupi 100 kubwerera ku Chitipa boma, ndiye kwathu.

Ulendowu ndi wa makilomita mazana angapo, koma vuto lake lenileni ndi kukwera ndi kutsika. Chitipa boma ili pa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Pamwamba pa Nyika, malo ambiri apitirira mamita 2,000, ndipo nsonga ya Nganda ndi yopitirira pang'ono mamita 2,600. Ku Karonga, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, simufika ngakhale mamita 500. Njinga imodzi yomweyo iyenera kugwira ntchito m'malo onsewa. Ikafa pakati pa Nthalire ndi Thazima, makaniko ali kutali, ndipo usiku wa pa Nyika m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira mpaka udzu kuchita chisanu choyera.

Pa masamu athu onse titenge kuti njinga, woyendetsa ndi katundu pamodzi ndi makilogalamu 200, ndipo g ndi 10 N/kg.

Injini nayo imapuma

Petulo sayaka popanda okosijeni. Kuti ayake bwino, galamu imodzi ya petulo imafuna magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya. Pa njinga zakalezi, chimene chimasakaniza ziwirizi ndi kabuleta. Mkati mwake muli kakhosi kopanikizika. Mpweya ukamadutsa pamenepo umathamanga kwambiri, pulesha yake imatsika, ndipo petulo amakokedwa kuchokera m'kambale kam'munsi kudzera pa kabowo kakang'ono kotchedwa jeti. Mfundo yakuti liwiro la mpweya likakwera pulesha imatsika anaifotokoza Daniel Bernoulli mu 1738.

Tsopano taonani chimene chimachitika mukamakwera. Pamlingo wa nyanja yamchere pulesha ya mpweya ndi 101 kPa. Ku Karonga ndi cha m'ma 95 kPa, ku Chitipa boma cha m'ma 87 kPa, ndipo pa mamita 2,300 yatsika kufika cha m'ma 77 kPa. N'chifukwa chake pamwamba pa Nyika madzi amawira pa 92°C m'malo mwa 100°C. Okosijeni akadali magawo 21 pa 100 alionse a mpweya, koma mpweyawo ndi wopyapyala, moti pisitoni ikatsika kamodzi imakoka mamolekyulu ochepa. Injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ukali wake pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. Kabuleta siidziwa kuti mwakwera phiri. Imapitiriza kupereka petulo wochuluka kuposa mpweya umene ulipo, ndiye wina sayaka, pulagi imada ndi mwaye, njinga imayamba kutsokomola.

Mankhwala oyamba ndi osavuta: sefa ya mpweya ikhale yoyera. Sefa yodzaza fumbi ili ngati munthu wachimfine amene akukwera Mafinga. Ikakhala ya siponji, itsukeni, iume, muipake oilo pang'ono n'kufinya. Nyamulani pulagi ina yapadera ndi sipanala yake. Ena amachepetsa petulo mu kabuleta akafika pamwamba kuti njinga ikoke bwino. Zimathandizadi, koma pali msampha. Mukatsikira ku Karonga osabwezeretsa, mpweya umachuluka, petulo amachepa, ndipo injini yoyenda ndi petulo wochepa imatentha mopyola muyeso mpaka kuwononga pisitoni. Ine kabuleta ndimaisiya mmene imayendera bwino kuno kwathu, chifukwa ife tili pakatikati pa phiri ndi nyanja.

Kothawira kutentha

Njinga ngati XL125 ndi AG200 zilibe madzi oziziritsa injini. Zili ndi zipsepse zachitsulo kuzungulira silinda. Kutentha kumayenda m'chitsulo kufika m'zipsepsezo, mpweya wodutsa n'kukutenga. Zipsepse zimachulukitsa malo amene chitsulo chikukhudzana ndi mpweya. Matope ouma salola kutentha kudutsa msanga, choncho injini yomatidwa ndi matope ili ngati yofunda bulangete. Tsukani pakati pa zipsepse musananyamuke. Kumbukiraninso kuti pa chitunda chachitali njinga imayenda pang'onopang'ono injini ikulira kwambiri: kutentha kopangidwa n'kochuluka, mphepo yokuchotsa ndi yochepa. Kuima mphindi khumi pakati pa chitunda si ulesi ayi.

Oilo ali ndi ntchito ziwiri. Amaika kachikopa kopyapyala pakati pa zitsulo kuti zisakhulane, ndipo amanyamula kutentha kuchoka pamalo otentha kwambiri. Oilo akatentha amasungunuka, ndipo wakale amakhala atasakanikirana ndi mwaye komanso tizidutswa tachitsulo. Injini yaing'ono ngati iyi imanyamula oilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndiye akachepa pang'ono yachepa kwambiri. Thirani watsopano musananyamuke ndipo muziona mlingo wake m'mawa uliwonse, njinga itaima chilili pamalo osapendekeka. Amene ali ndi DT125 kapena AG100, zija za two-stroke, adziwe kuti injini zawo zimawotcha oilo pamodzi ndi petulo. Kathanki ka oilo kakauma, injini imamangika.

Tcheni ndi mano ake

Tcheni chimatenga mphamvu ku sipuloketi yaing'ono ya kuinjini n'kuifikitsa ku yaikulu ya kutayala. Tiyerekeze kuti yaing'ono ili ndi mano 14, yaikulu 49. Mukagawa 49 ndi 14 mupeza 3.5. Ndiye kuti yaing'ono izungulire katatu ndi theka kuti tayala lizungulire kamodzi, ndipo moment imene ikupotoza tayala yachulukitsidwa ka 3.5. Mukaika ya mano 13, mupeza 3.77. Njinga ikoka kwambiri ndi magawo pafupifupi 8 pa 100, koma liwiro lake lapamwamba lichepa ndi mlingo womwewo. Palibe mphamvu yatsopano imene yabwera, mwangosinthanitsa liwiro ndi force. Pa zitunda za ku Nthalire muli ndi katundu, kusinthanitsa kumeneku n'kopindulitsa.

Anthu amati tcheni chatamuka. Kunena zoona chitsulocho sichitamuka ngati legeni. Chimene chimachitika n'chakuti timapini tolumikiza tcheni timadyeka, ndipo kampata kakang'ono pa pini iliyonse, mukakachulukitsa ndi mapini opitirira 100, kamatalikitsa tcheni chonse. Fumbi losakanikirana ndi oilo limagwira ntchito ngati sandipepa. Ndiye chifukwa chake AG200 anaiikira chotchinga tcheni chonse. Yesani chonchi: kokani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu. Chikanyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino, chatha. Mano akakhala osongoka ndi opindika ngati minga ya mtete, sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri nthawi imodzi, chifukwa chakale chimadya chatsopano. Musachimange kwambiri. Sipuling'i yakumbuyo ikafinyika pabampu, mtunda pakati pa masipuloketi umasintha, ndipo tcheni chomangitsa chimaduka kapena kuwononga mabeling'i. Chisiyireni mpata wosewera wa masentimita atatu kapena anayi, malinga ndi mmene buku la njingayo likunenera.

Matayala: dzanja limene njinga imagwirira pansi

Pulesha ndi force kugawa ndi area. Makilogalamu 200 ndi 2,000 N, tingoti 1,000 N pa tayala lililonse. Mukapopa tayala kufika 175 kPa, malo amene likukhudza pansi ndi 1,000 kugawa ndi 175,000, zomwe zikupereka masikweya sentimita pafupifupi 57. Ndi ngati chikhatho chanu osawerengera zala. Kukhota konse, kuima konse, kukwera konse kumadalira tizikhatho tiwiri timeneti. Mukaphwetsa pang'ono kufika 125 kPa, malowo amakula kufika masikweya sentimita 80, ndipo mumchenga kapena m'matope njinga siititimira msanga. Koma tayala lofewa likagunda mwala, chubu chimapanidwa pakati pa mwala ndi limu n'kuboola mabowo awiri ngati mano a njoka. Limapindikanso kwambiri pozungulira, ndipo kupindika kulikonse kumasandutsa mphamvu ya petulo wanu kukhala kutentha. Mukangofika pa tala, popaninso.

Muziyeza pulesha tayala lili lozizira. Chifukwa chake nachi. Geji ikawerenga 175 kPa pamene mpweya wakunja ndi 87 kPa, pulesha yeniyeni mkati ndi 262 kPa. M'mawa kuli 15°C, amene ndi 288 K. Mutayenda maola awiri tayala lafika 45°C, amene ndi 318 K. Voliyumu ikakhala yosasintha, pulesha imakwera molingana ndi tempulicha ya kelvin: 262 kuchulukitsa ndi 318, kugawa ndi 288, tipeza 289 kPa. Geji iwerenga 202. Wosadziwa aphwetsa, ndipo m'mawa mwake apeza tayala lili lofooka. Onaninso mphira wa tayala. Ukakhala ndi timing'alu m'mbali ndiye kuti wauma ndi ukalamba, ngakhale mano ake akuoneka atsopano. Pampu, zigamba, guluu, chubu chapadera ndi zitsulo zochotsera tayala zisatsale.

Katundu aikidwe pati?

Apa tigwiritse ntchito lamulo la moments. Tiyerekeze kuti pakati pa matayala awiri pali mamita 1.35, ndipo mwamanga chikwama cha makilogalamu 20 pa kaliyala, masentimita 30 kumbuyo kwa ekiselo ya tayala lakumbuyo. Ekiseloyo isanduka pivoti. Moment ya chikwama ndi 200 N kuchulukitsa ndi 0.3 m, amene ndi 60 Nm. Gawani 60 ndi 1.35, mupeza 44 N. Tayala lakutsogolo lapepukidwa ndi makilogalamu opitirira anayi, pamene lakumbuyo lasenza chikwama chonse kuphatikizapo anayi amenewo. Pokwera chitunda kulemera kumathawiranso kumbuyo, ndiye tayala lakutsogolo, limene limawongolera, limangoyandama. Mwaonapo akabaza atamanga matumba a chimanga kumbuyo, chiwongolero chikugwedezeka chokha? Ndi masamu omwewa.

Zolemera monga masipanala, madzi ndi mafuta ziikidwe pansi, pafupi ndi pakati pa njinga, mbali zonse ziwiri zilemere mofanana. Zopepuka monga bulangete ndi jekete zipite pamwamba. Centre of mass ikakhala pansi, njinga ikapendekeka pang'ono mwendo wanu umatha kuibweza. Ikakhala pamwamba, imakugwetsani. Ndipo chikwama chisakhudze paipi ya utsi.

Kutsika n'koopsa kuposa kukwera

Mukakwera mamita 1,000, mwasunga mphamvu ya mgh: 200 kuchulukitsa ndi 10, kuchulukitsanso ndi 1,000, zomwe ndi majoule 2,000,000. Potsika, mphamvu yonseyi iyenera kupita kwinakwake. Kuti muone kukula kwake, kutenthetsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa 20°C kufika pa 100°C kumafuna 4,200 kuchulukitsa ndi 80, amene ndi majoule 336,000. Ndiye kuti mtsetse wa mamita 1,000 ukhoza kuwiritsa malita pafupifupi 6 a madzi. Kuchoka pa Nyika kupita ku Rumphi mumatsika pafupifupi mlingo umenewu, ndipo pa Chiweta pakudikira mtsetse wina wokhotakhota.

Njinga zambiri zakalezi zili ndi mabuleki a dilamu, otsekeka mkati, amene sazizira msanga. Tiyerekeze kuti gawo limodzi lokha mwa magawo 10, majoule 200,000, latsakamira m'chitsulo cha makilogalamu awiri. Chitsulo chimafuna majoule pafupifupi 450 kuti kilogalamu imodzi itenthe ndi digiri imodzi. Gawani 200,000 ndi 900: tempulicha yakwera ndi madigiri opitirira 220. Pamenepo dilamu yafufuma n'kutalikirana ndi nsapato za buleki, ndipo nsapatozo zayamba kuterera. Mumaponda, phazi limafika pansi, njinga osaima.

Njira yake ndi kugawira injini ntchito. Tsikani pa giya yaing'ono, yomwe mukanakwerera chitunda chomwecho, kilatchi mutaisiya. Tayala ndi limene tsopano likuzunguza injini, ndipo mphamvu ikutayikira mu injini imene ili ndi zipsepse zochotsera kutentha. Kuzimitsa injini kapena kutsika pa nyutulo pofuna kusunga petulo ndi kuika moyo wonse m'manja mwa dilamu. A two-stroke adziwe kuti injini zawo sizigwira kwambiri potsika, choncho aziima pafupipafupi kuti mabuleki azizire. Musananyamuke tsegulani madilamu, muone makulidwe a nsapato, muchotse fumbi, ndipo waya wa buleki kapena wa kilatchi amene wayamba kuthothoka tingwe asinthidwe.

Liwiro nalo lili ndi masamu ake. Mtunda woimira ndi v² kugawa ndi 2μg, pamene μ ndi nambala yoonetsa mmene tayala likugwirira pansi. Titenge 0.7 pa tala wouma ndi 0.35 pa msewu wa timiyala. Pa 40 km/h muima pa mamita 9 pa tala, 18 pa timiyala. Pa 80 km/h si kuwirikiza kawiri ayi, ndi kanayi: mamita 36 ndi 72, osawerengera nthawi imene ubongo umatenga kuti uuze dzanja. M'paki, nyama ikhoza kudumphira mumsewu nthawi iliyonse.

Kunjenjemera

Msewu wa fumbi wokhala ndi timizere topingasa umagwedeza njinga kambirimbiri pa sekondi. Nati imagwira chifukwa cha friction ya pakati pa mazinga ake. Kugwedezeka kumamasula kugwirako kwa kanthawi kochepa kwambiri, mobwerezabwereza, mpaka nati imatembenuka yokha. Yendani ndi sipanala njinga yonse musananyamuke, ndipo mubwereze madzulo alionse. Masipoko muwayese ndi khutu. Gogodani iliyonse ndi sipanala: yomangika bwino imalira mokweza ngati waya wa gitala, yomasuka imangoti phu. Frequency imakwera waya akamangika, monga tinaonera pa phunziro la mafunde. Sipoko imodzi ikamasuka, anzake oyandikana nayo amasenza katundu wake n'kuyamba kuduka motsatizana. Mawaya amagetsi nawo aonedwe. Dzimbiri polumikizira limakweza resistance, nyali imachita mdima, ndipo mphamvu imene ikanakhala kuwala ikutenthetsa waya.

Mafuta ndi mutu wanu

Musadalire zimene mwiniwake wakale anakuuzani. Dzazani thanki, yendani makilomita 50 mu msewu wa fumbi muli ndi katundu, mudzazenso n'kuona malita amene alowa. Mwapeza makilomita amene njinga yanu imayenda pa lita. Werengani mafuta okwanira kuchoka ku Chitipa boma mpaka ku Rumphi popanda kugula panjira, muwonjezere gawo limodzi mwa magawo anayi chifukwa cha magiya aang'ono, matope kapena kusochera. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi zinyalala kapena madzi, ndipo jeti ndi kabowo kochepa kwambiri, choncho kasefa ka mafuta pa paipi yopita ku kabuleta n'kofunika. Za malamulo ndi nthawi yodutsira m'paki mufunsiretu kwa oyang'anira.

Chomaliza ndi helemeti. Mutu wa munthu ndi makilogalamu pafupifupi 5. Ukagunda pansi pa liwiro la mamita 6 pa sekondi, momentum yake ndi 30 kg m/s. Ukaima m'masekondi 0.002 pa mwala, force ndi 15,000 N. Thovu louma la mkati mwa helemeti limaphwanyika n'kutalikitsa nthawiyo, tinene kufika masekondi 0.01, ndipo force imatsika kufika 3,000 N. Thovulo likaphwanyika kamodzi silibwerera, ndiye helemeti imene inagwapo mwamphamvu yatha ntchito ngakhale kunja ikuwala. Yosamanga lamba pachibwano imachoka mutu usanafike pansi. Inu amene mulibe laisensi, chiwongolero chidikire. Koma mukakwera kabaza, funsani helemeti, ndipo mkulu wanu akamakonza njinga, khalani pafupi ndi kope.

Yesani izi

1. Njinga ya makilogalamu 180 pamodzi ndi woyendetsa yatsika mamita 600. Yataya majoule angati? Angawiritse malita angati a madzi oyambira pa 20°C?
2. Werengani mano a masipuloketi onse awiri pa njinga yakapalasa kwanu. Tayala limazungulira kangati mukapalasa kamodzi? N'chifukwa chiyani sipuloketi yaikulu ili kutsogolo, pamene pa njinga yamoto ili kumbuyo?
3. Tayala lapopedwa ku Karonga, geji ikuwerenga 180 kPa. Mukafika nalo pa mamita 2,300 tempulicha ili chimodzimodzi, geji iwerenga chiyani? Fotokozani chifukwa chake.

Funso lachitatu lili ndi kamsampha. Musanayankhe, dzifunseni kaye kuti geji imayeza chiyani kwenikweni.